Wamisala wa m'buku ndi wodwala wa pakhomo

Mutaima pa depoti ya mabasi ya Lilongwe n'kufunsa anthu kuti wamisala amaoneka bwanji, mayankho angafanane ngati anapangana: tsitsi lopotana ndi litsiro, nsanza, thumba la zinyalala paphewa, kuyankhula yekha, kutola zakudya kudzala la kumsika. Anthu otere alipodi, timawaona ku Malangalanga ndi pamlatho. Koma ndi ochepa mwa amene akudwala matendawa. Ochuluka ali m'makomo ku Kawale, ku Chinsapo, ku Area 25, ena amamwa mankhwala n'kumapita kuntchito anzawo osadziwa kanthu. Chithunzi chimene tili nacho m'mutu chinachokera pang'ono pamsewu, koma kwambiri m'nthano, m'masewero, m'mafilimu ndi m'mabuku. N'chifukwa chake pamakhala kusamvana: a zaumoyo amati olemba amanamiza anthu, olemba nawo amati buku si chipatala. Kuti timve bwino mkanganowu tiyambe ndi matenda enieniwo, kenaka tione ntchito zimene olemba akhala akuwapatsa.

Matendawo

Kwathu kuno mawu oti misala amanyamula zambiri, ngakhale khunyu ena amaliponya momwemo, chonsecho ndi matenda ena. Chimene madokotala amachitcha psychosis n'chopapatiza. Ndi pamene munthu walekana ndi zinthu zimene anzake onse akugwirizana kuti zilipo. Amamva mawu pamene palibe woyankhula, mwina kuona zimene ena sakuona. Amakhulupirira chinthu molimba, monga kuti wailesi ikunena za iye kapena kuti akumuthirira poizoni m'nsima, ndipo umboni uliwonse umene mungamupatse umangolimbitsa chikhulupirirocho. Zoyankhula zimatha kusokonekera, nkhani osalumikizana. Pali zizindikiro zinanso zachete: kudzipatula, kusiya kusamba, nkhope yosaonetsa chimwemwe kapena chisoni, kukhala tsiku lonse osachita kanthu. Abale ambiri amati izi n'zimene zimatopetsa koposa, koma m'masewero simuzipeza, poti munthu wongokhala phee pakhonde sakopa oonera.

Njira yapafupi yomvetsera ndi maloto. Mukamalota kuti mukuthamangitsidwa simuima n'kufunsa ngati n'zoona, mumathawa, ndipo mtima umagunda zenizeni. Wodwalayo zimamuchitikira ali maso, ndipo palibe tambala woti alire kuti adzuke.

Psychosis si nthenda imodzi. Imabwera m'nthenda ya m'maganizo yotchedwa schizophrenia, imene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati imagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 300 padziko lonse, ndipo kawirikawiri imayamba munthu akuchoka paunyamata kufikira zaka za m'ma 20, amuna msanga kuposa akazi. Imabweranso mu bipolar (nthenda imene munthu amasinthasintha pakati pa kusangalala mopitirira muyezo ndi kukhumudwa kwambiri), m'matenda a kukhumudwa akafika povuta, ndi mwa mayi mmodzi kapena awiri pa amayi 1,000 ongobereka kumene. Chamba chimatha kuiyambitsa, kusiya mowa mwadzidzidzi kwa chidakwa nakonso. Malungo aakulu, HIV ikafika ku ubongo, ndi matenda ena a m'thupi amasokoneza mutu mofananako, n'chifukwa chake dokotala wabwino amayamba wayeza thupi. WHO imanenanso kuti mwa odwala schizophrenia atatu, mmodzi kapena kuposerapo amachiriratu. Chiwerengero chimenechi muchisunge, chifukwa m'nkhani zambiri zopeka kuchira kulibe.

Misala ngati chilango

Ntchito yakale kwambiri imene nkhani zinapatsa misala ndi yolanga. Mu Danieli 4, mfumu Nebukadinezara idzitama ndi mzinda wake, ndiye ichotsedwa pakati pa anthu n'kumadya udzu ngati ng'ombe. Amene anawerenga Macbeth ku sekondale akukumbukira mkazi wa Macbeth akuyenda ali m'tulo, kusamba m'manja magazi amene palibe wina akuwaona, dokotala n'kunena kuti mayiyu akufunika wansembe kuposa dokotala. Shakespeare sankafotokoza nthenda, ankaonetsa chikumbumtima.

Kwathu nkhaniyi imavala malaya ena. Munthu anapita kukakhwima kuti alemere, anaphonya chizimba, basi mutu unazungulira. Kapena anaba, mwini katundu anamutchera. Kapena analanda mwamuna wa mwini. Mafilimu a ku Nigeria amene amaonetsedwa m'mavidiyo sho a m'makwalala anakuza mathero omwewa: woipa uja amaliza akuvula pamsika. Kwa wolemba, mathero otere ndi okoma. Safunika apolisi kapena khoti, chilango chimachokera m'kati mwa wolakwayo ndipo chimaonekera pagulu.

Vuto limadza nkhaniyo ikatuluka m'buku. Mnyamata wa Fomu 4 akayamba kumva mawu, funso loyamba la anthu apamudzi silikhala loti akudwala chiyani, limakhala loti anachita chiyani, kapena makolo ake anachita chiyani. Bambo amene ali ndi golosale yoyenda bwino ndi mwana wodwala amadziwa zimene zimanong'onedwa kuseri. Olemba ali ndi poyankhira: zikhulupirirozi sanazipeke okha, anazipeza, ndipo nkhani yonena za Amalawi imene ingabise kuti anthu amaganiza zoterezi ingakhale yabodza. Mfundo imeneyi ndi yolemera. Kusiyana kumakhala pakuti, nkhaniyo ikuonetsa anthu akukhulupirira, kapena nkhaniyo payokha ikutsimikiza kuti ndi momwemo.

M'Baibulo momwemo muli nkhani ina yosiyanako, ya munthu wa kumanda uja mu Marko 5, amene ankamangidwa ndi maunyolo iye n'kumadula, usiku ndi usana akufuula ndi kudzitema ndi miyala. Kaya mumaiwerenga ngati ya ziwanda kaya ya matenda, nkhaniyi siithera pa kufuula. Imapitirira mpaka munthuyo atakhala pansi, atavala, nzeru zili bwino, n'kuuzidwa kuti abwerere kwawo kwa abale ake. Nkhani zofika pamenepo n'zosowa.

Wamisala anaona nkhondo

Mwambi wathuwu umasonyeza ntchito yachiwiri. Munthu amene onse anamutaya ndiye amaona zimene anzeru sakuona, ndipo amatha kunena zimene wina atanena angagone m'chitokosi. Olemba padziko lonse anaukonda mwayi umenewu. Mfumu Lear ya Shakespeare imayamba kumvetsa za amphawi itasokonezeka mutu. Mu 1918 Lu Xun wa ku China analemba nkhani ya munthu wokhulupirira kuti anthu a m'mudzi mwake amadya anzawo, ndipo owerenga anamva kuti akunena za miyambo yopondereza. M'mayiko amene kuyankhula kunali koopsa, wamisala wa m'nkhani ankakhala chishango cha wolemba.

Chinua Achebe anaitembenuza nkhaniyi mwaluso mu The Madman, yomwe ili m'buku lake la nkhani zazifupi la 1972. Nwibe ndi bambo wolemera, wolemekezeka, amene akukonzekera kulandira udindo waukulu pakati pa akuluakulu a kwawo. Tsiku la msika akusamba kumtsinje, wamisala wina amene ankayenda maliseche atola nsalu yake n'kuivala, nayamba kumuseka. Nwibe apsa mtima, avuuka m'madzi, amuthamangitsa osavala mpaka kulowa mumsika, akukuwa kuti gwirani wamisalayo. Tsono anthu aona chiyani? Munthu wovala bwino akuthawa, wamaliseche akumuthamangitsa. Amugwira Nwibe, amufunditsa nsalu, apita naye kwa sing'anga. Sing'anga woyamba akana. Wachiwiri avomera, ndipo atchuka dziko lonse kuti anachiritsa misala, poti munthuyo sankadwala n'komwe. Nwibe asanduka munthu wachete, ndipo akadzafunsanso za udindo uja akuluakulu angosintha nkhani mwaulemu. Achebe sananene kuti matenda a m'maganizo kulibe, wamisala weniweni ali m'nkhanimo. Anaonetsa kuti dzinalo limaperekedwa ndi anthu oonerera, ndipo likakumata silichoka.

Olemba a mu Africa anagwiritsanso ntchito misala pokamba za utsamunda. Frantz Fanon, dokotala wa matenda a m'maganizo amene anagwira ntchito pachipatala cha Blida ku Algeria kuyambira 1953, analemba za odwala amene nkhondo ndi chizunzo zinawasokoneza, ozunzidwa ndi ozunza omwe. Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe, mu Nervous Conditions ya 1988, ali ndi mtsikana Nyasha amene anakulira ku England, nabwerera kwawo osakwanira uku kapena uko, mpaka anasiya kudya ndi kusokonezeka. Dokotala wachizungu woyamba kumuona akuti Nyasha sangakhale akudwala chifukwa anthu akuda savutika motero, akungofuna kuonedwa. Dangarembga sanakokomeze. Madokotala ena a nthawi ya atsamunda, monga J.C. Carothers amene anagwira ntchito pachipatala cha matenda a m'maganizo cha Mathari ku Nairobi, analembadi kuti maganizo a munthu wa mu Africa ndi osiyana ndi a mzungu, ndipo kwa nthawi yaitali kunkaphunzitsidwa kuti kukhumudwa kwakukulu n'kosowa mwa anthu akuda.

Koma njira imeneyi nayo ili ndi mtengo wake. Misala ikasanduka chizindikiro cha dziko lodwala, munthu wodwalayo amazimirira. Mawu amene odwala ambiri amamva si uneneri, ndi matemberero, kunyoza, kulamula, usiku wonse. Palinso kachikhulupiriro koti nzeru zambiri ndi misala zimayendera limodzi. N'kakale, paja Festo anauza Paulo mu Machitidwe 26 kuti kuwerenga kwambiri kwamupengetsa. Ifenso timati uje sukulu inamuzunguza mutu. Chimene chimachitika n'chakuti nthendayi imayamba pa msinkhu umene achinyamata ali ku sekondale kapena ku koleji, ndiye sukulu imasenza mlandu.

Wamisala woopsa

Apa sitichedwapo, chifukwa chithunzichi aliyense akuchidziwa. Mu Jane Eyre ya 1847, mkazi woyamba wa bwana Rochester watsekeredwa m'chipinda chapamwamba, amaluma, amalira ngati nyama, pomaliza atentha nyumba. Sayankhula n'kamodzi komwe. Panapita zaka zoposa 100 kuti Jean Rhys, mu 1966, alembe nkhani yomweyo kuchokera kwa mkaziyo, mtsikana wa ku Jamaica amene anakwatiwa chifukwa cha chuma chake, nalandidwa dzina ndi kwawo komwe. Buku la Jekyll ndi Hyde la 1886, ndi filimu ya Psycho ya 1960, zinathandiza kufalitsa maganizo oti wodwala schizophrenia ali ndi anthu awiri m'thupi limodzi, wina wofatsa wina wakupha. Schizophrenia si imeneyo.

Nanga zoona zake? Odwala ochuluka sapweteka munthu. Kafukufuku amaonetsa kuti chiopsezo chimakwerako pamene munthu sakulandira mankhwala, makamaka akaphatikiza mowa kapena chamba, ndipo banja limene linaonapo zimenezi siliyenera kuuzidwa kuti linalota. Koma kawirikawiri wodwalayo ndiye amagendedwa, kumenyedwa, kuberedwa, ndipo amayi odwala oyenda m'misewu amagwiriridwa. Mimba zimene timaziona pa amayi otere zili ndi eni ake, ndipo eni akewo palibe amawatcha amisala.

Kulemba uli m'kati

Kusintha kwakukulu kunabwera pamene odwala eniake anagwira cholembera. Virginia Woolf, amene anadwala kangapo pa moyo wake, anaika mu Mrs Dalloway ya 1925 msilikali wobwerera kunkhondo, Septimus, amene amaona mnzake amene anafa ndi kumva mbalame zikuimba m'Chigiriki. Wowerenga amakhala m'mutu mwa Septimus, ndipo madokotala awiri amene akumuona ndiwo amaoneka ogontha: wina akuti palibe vuto, winayo akufuna kumulekanitsa ndi mkazi wake.

Kwa ife a kum'mwera kwa Africa kuno, buku lofunika kwambiri pankhaniyi ndi A Question of Power la Bessie Head, la 1973. Head anabadwa mu 1937 m'chipatala cha matenda a m'maganizo ku Pietermaritzburg, kumene mayi ake, mzungu, ankasungidwa. Bambo ake anali munthu wakuda. Mu 1964 anachoka ku South Africa n'kukakhala ku Serowe ku Botswana, ndipo patapita zaka anadwala mpaka kugonekedwa m'chipatala cha matenda a m'maganizo ku Lobatse. Elizabeth wa m'bukumo akuyenda njira yomweyo. Ali mwana, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya mishoni amuuza kuti mayi ake anali amisala, achenjere angatengere. Atakula, usiku uliwonse m'chipinda mwake mumabwera amuna awiri, Sello ndi Dan, kumuzunza ndi zithunzi zonyansa ndi maulaliki osatha. Bukuli ndi lovuta kuwerenga, ndipo ambiri amalisiyira panjira. Head sakuchenjezani kuti apa zenizeni zathera, apa masomphenya ayamba, chifukwa Elizabeth naye palibe akumuchenjeza.

Chimene ine ndimachiona chachikulu m'bukuli ndi masana ake. Kukacha Elizabeth amakonzera mwana wake chakudya, amapita kudimba la chitukuko cha m'mudzi, amadzala ndiwo zamasamba pamodzi ndi mayi wina dzina lake Kenosi, amene safunsa zambiri, amangofuna mnzake abwerere kuntchito. Matenda ndi moyo wa tsiku ndi tsiku zikuyendera limodzi m'tsamba lomwelo. Aliyense amene anasamalapo wodwala amadziwa kuti ndi mmene zimakhalira.

K. Sello Duiker, mu The Quiet Violence of Dreams ya 2001, akuyamba ndi mnyamata Tshepo ali m'chipatala cha Valkenberg ku Cape Town, madokotala atalemba kuti chamba ndicho chamusokoneza. Tshepo amasutadi. Koma alinso ndi chilonda cha mayi ake amene anaphedwa mwankhanza, chimene fayilo ya chipatala sikuchifikira. Kuno, kumene mnyamata aliyense wodwala timangoti n'chamba basi, bukuli limafunsa funso labwino: anayamba n'chiyani, chamba kapena ululu? Madokotala amavomereza kuti chamba, makamaka champhamvu ndi chosutidwa kuyambira ubwana, chimakweza chiopsezo. Amavomerezanso kuti ena amasuta pofuna kuziziritsa zimene zayamba kale m'mutu.

Palinso mabuku osapeka, monga la Elyn Saks la 2007, pulofesa wa zamalamulo ku America amene wakhala ndi schizophrenia kuyambira ali wophunzira. Iye amafotokoza kumangidwa pabedi m'chipatala, zaka zokana mankhwala, ndi mmene anafikira powavomera.

Chipatala

M'mabuku ambiri chipatala cha matenda a m'maganizo ndi ndende. One Flew Over the Cuckoo's Nest ya Ken Kesey, ya 1962, ndi filimu yake ya 1975, zinasiya m'mitu ya anthu namwino wankhanza ndi magetsi oombera m'mutu ngati chilango. Chithunzichi chili ndi mbiri kumbuyo kwake. Kuno kwathu malo oyamba osungira odwalawa anatsegulidwa mu 1910 ngati mbali ya ndende ya Zomba, oyang'anira ake anali asilikali a ndende, ndipo chipatala cha Zomba Mental chimene tikuchidziwa chinatsegulidwa mu 1953. Lamulo la atsamunda la 1948 loyendetsa nkhanizi linakhalapo zaka zoposa 70. Mpaka lero kuuza munthu kuti tikutengera ku Zomba kumamveka ngati kumuopseza.

Mbali inayo nayo ndi yoona. Mankhwala oyamba othandizadi, chlorpromazine, anayamba kugwiritsidwa ntchito ku Paris mu 1952, ndipo anthu ambiri amene akanafera m'zipatala anabwerera kwawo. Mankhwalawa, ndi ena monga haloperidol ndi jakisoni wa pamwezi, ndi amene odwala ambiri amalandira m'zipatala zathu. Ali ndi zovuta zake: kuuma thupi, kunjenjemera, kutuluka dovu, kugona kwambiri. Kayendedwe kouma kaja kamene ochita masewero amatsanzira nthawi zambiri si nthenda, ndi mankhwala, ndipo dokotala amatha kukachepetsa posintha mlingo. Magetsi aja masiku ano, kumene amachitika moyenera, amaperekedwa munthu atagonetsedwa, ndipo amapulumutsa ena okhumudwa kwambiri. Ndipo si chisamaliro chonse chimene chili cha mpanda ndi loko. Mu 1954 dokotala wa ku Nigeria, Thomas Adeoye Lambo, anayamba kugoneka odwala m'makomo a anthu m'midzi yozungulira chipatala cha Aro, aliyense ali ndi m'bale wake, akugwira ntchito limodzi ndi asing'anga. A St John of God ku Mzuzu ndi kuno ku Lilongwe amathandizanso ambiri amene amagona kwawo. Nkhani zotere sizilembedwa kawirikawiri.

Zimene sizinathe

Funso loyamba ndi la mizimu. Kumpoto, vimbuza ndi matenda, ndi gule, ndi mankhwala nthawi imodzi, ndipo bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe la UNESCO linazindikira guleyu mu 2005 ngati chuma cha anthu onse. Akwaeke Emezi wa ku Nigeria, mu Freshwater ya 2018, analemba za mtsikana wokhala ndi mizimu m'thupi, ndipo amakana kuti bukulo liwerengedwe ngati la matenda. Ena amati uku n'kubwezera ulemu ku nzeru za makolo zimene atsamunda anazinyoza. Ena amaopa kuti mnyamata amene akanathandizidwa msanga athera miyezi kwa asing'anga ndi kumapiri a mapemphero, pamene madokotala amati kuchedwa kuyamba mankhwala kumachepetsa mwayi wochira bwino. Mabanja ambiri amapita konse kuwiri, m'mawa kuchipatala madzulo kwa abusa. Wolemba aime pati, kapena angoonetsa zonse osasankha?

Lachiwiri n'lakuti ndani ali ndi ufulu wolemba. Ngati ndi odwala okha, ndiye kuti tizimva za okhawo amene anachira mokwanira kugwira cholembera ndipo anapita kusukulu, osati bambo uja wa pamlatho. Ngati ndi aliyense, mlongo amene walemba za mchimwene wake wodwala wamupempha chilolezo, ndipo chilolezo cha munthu amene akudwala chimalemera bwanji?

Lachitatu ndi la kuseka. Wamisala wa m'sewero la pasiteji kapena m'tizithunzi ta pa TikTok amaseketsa, ndipo ochita masewero amati nthabwala zimafewetsa nkhani yoopsa. M'gulu la oonerawo muli mayi amene wasiya mwana wake atamutsekera kuchipinda. Kodi amaseka nawo, kapena amaphunzira kuti nkhaniyi asamaitchule?

Ndipo sizikudziwika bwino kuti buku limasintha anthu mpaka pati. Kafukufuku wa za tsankho amaonetsa kuti chimene chimathandiza kwambiri ndi kukumana ndi munthu amene anadwalapo n'kumumva akufotokoza yekha. Ngati kuwerenga Elizabeth kapena Tshepo kumafanako ndi kukumana koteroko, akatswiri sanagwirizanebe. Mabuku onse amene tatchulawa sanalembedwe m'Chichewa, pamene mawu amene wodwala wa ku Mtandire amamva usiku amamuyankhula m'Chichewa. Kaya nkhani yake idzabwera ngati buku, sewero la pawailesi kapena nyimbo, ndipo kaya adzailemba ndi iye mwini, mayi ake kapena namwino, n'zimene tikudikira kuona.